Mbiri ya Zitsulo Zokana Kusanganizika

 Lero tikambirana mbiri ya zitsulo ziwiri zimene zimapezeka pamodzi m'mwala umodzi pansi pa nthaka, koma zikasungunuka m'ng'anjo zimakana kukhalira pamodzi. Zitsulozo ndizo mtobvu ndi zinki. Mtobvu muudziwa: ndi uja wolemera ndi wofewa wa m'mabatire a galimoto, umenenso asodzi amamangirira ku maukonde ao kuti amire. Zinki ndiye amene amakutira malata a pa denga ndi ndowa zotungira madzi kuti zisacite dzimbiri. Kukanana kwa zitsulo ziwirizi kunalemeretsa anthu ambiri m'maiko akutali, ndipo kunafika ndi kwathu kuno, ku Kabwe, kumene dzina lace lakale linali Broken Hill.

Tiyambire pa mafuwa. Mai ali yense adziwa cimene cimacitika pophika nyama yonona. Pamene mphika uli kuwira, mafuta amamwazika m'msuzi monse ngati timadontho tating'ono. Mukaphula mphikawo, timadontho tija timakwera pamwamba, timakomana, timaphatikana, ndipo posacedwa mafuta akhala paokha, msuzi pansi. M'nyengo ya cisanu, mukabvundukula m'mamawa, mupeza mafuta aja ataundana, kotero kuti mungathe kuwayengula ndi supuni osataya msuzi. Musauiwale mphika umenewu, pakuti tidzabwererako.

Zitsulo zambiri sizitero. Mkuwa ndi zinki zikasungunuka pamodzi zimasanganizika monga mcere m'madzi, nizikhala citsulo cimodzi cacikasu, brasi uja amapangira maloko ndi mipope. Koma mtobvu ndi zinki ziri ngati msuzi ndi mafuta. Mtobvu umasungunuka pa madigiri 327, zinki pa madigiri 420. Mukaziika mu mphika umodzi ndi kusonkhezera moto kufikira madigiri 800, pamenepo zibvomera kukhala madzi amodzi. Moto ukayamba kucepa, zimapatukana. Zinki, amene alemera ka 7 kuposa madzi, amayandama. Mtobvu, umene ulemera ka 11, umatsikira pansi. Ndipo pakati pao pamakhala malire oongoka ngati kuti wina wawalemba ndi rula.

Komabe kupatukanako sikuli kwathunthu. Pa madigiri 420 kapena kupitirira pang'ono, mtobvu wa pansi umasungabe zinki monga magawo 2 pa magawo 100, ndipo zinki wa pamwamba amasunga mtobvu monga gawo limodzi pa 100. Mtobvu ukatentha koposa umamwa zinki woculukirapo, ndipo ukazizira umamlabvula. Kanthu kameneka kaoneka kacabe, koma mudzaona kutsogoloku kuti ng'anjo yaikulu ya ku Kabwe inali kudalira iko.

Anthu oyamba kupindula ndi zitsulo zokanana sanali kufuna zinki ai, anali kufuna siliva. M'zaka za m'ma 1450, mu mzinda wa Nuremberg ku Germany, osula anali atapeza njira yocotsera siliva wobisala mu mkuwa. Mkuwa ndi mtobvu nazonso sizigwirizana. Ngakhale mutazisungunula pamodzi, pozizira mkuwa umauma wokha ndipo mtobvu umatsalira m'timipata ta pakati pace. Tsono siliva akapatsidwa mwai wosankha, amatsata mtobvu. Cotero anthu aja anali kusungunula mkuwa pamodzi ndi mtobvu woculuka kuuposa katatu, naumba zimikate zazikulu zozungulira, naziimika m'ng'anjo ya moto wofatsa. Motowo unali wokwanira kusungunula mtobvu, koma wosafika pa madigiri 1,085 amene mkuwa ufuna. Mtobvu unali kukha ngati thukuta, nutsika m'ngalande utasenza siliva, ndipo mkuwa unali kutsala wobooka-booka ngati cisa ca njuci. Pambuyo pace anali kuocha mtobvuwo pa mbale ya phulusa ndi kuupemerera mphepo kufikira wonse utapserera ndi kucoka, natsala siliva wonyezimira. Kuocha kotereku ndi njira yakale kwambiri, yodziwika zaka zikwi zambiri m'mbuyomo, ndipo tidzaipezanso m'nkhani yathu.

Banja la a Fugger a ku Augsburg linalemera kwambiri ndi nchito imeneyi, makamaka kuyambira mu 1494 pamene Jakob Fugger anagwirizana ndi Johann Thurzo kukumba mkuwa ku Neusohl, mzinda umene lero uli m'dziko la Slovakia ndipo dzina lace ndi Banská Bystrica. Cuma cao cinakula kufikira mafumu omwe anali kukongola kwa iwo. Pamene Charles V anali kufuna kusankhidwa kukhala mfumu ya mafumu mu 1519, ndalama zambiri zokopera omsankha zinacokera m'thumba la Jakob Fugger. Georgius Agricola analongosola njira yonseyi, ndi zithunzi zomwe, m'buku lace la De Re Metallica limene linatuluka mu 1556.

Tilumphe zaka pafupi-fupi mazana atatu, tipite ku England. Kumeneko bvuto linali la siliva wa mu mtobvu weni-weniwo. Mtobvu wambiri wa m'migodi uli ndi siliva pang'ono, koma kuocha tani yathunthu cifukwa ca siliva wodzaza m'dzanja limodzi ndiko kutaya malasha ndi mtobvu womwe. Eni migodi anawerengera kuti ngati m'tani mulibe maaunsi 8 a siliva, palibe phindu. Mu 1833 Hugh Lee Pattinson, wobadwira ku Alston, mudzi wa migodi ya mtobvu kumpoto kwa England, anabweretsa njira yatsopano. Iye anaona kuti mtobvu wosungunuka ukayamba kuzizira, timibulu toyamba kuuma timakhala ndi siliva wocepa, ndipo siliva wambiri amatsalira mu umene ukali madzi. Anandandika miphika ya citsulo mu mzere, ndipo amuna anali kubvuula timibuluto ndi zipande zazikulu za zibowo, natiponya mu mphika wa ku mbali imodzi, otsalawo nawapititsa ku mbali inayo, mobwereza-bwereza. Ndi njira iyi mtobvu wa maaunsi 3 okha unayamba kupindulitsa. Koma inali nchito yothyola msana, kuimirira tsiku lonse pa miphika yotentha ndi kunyamula citsulo colemera cotere pa cipande.

Apa ndipo zinki alowa m'nkhani. Mu 1842 katswiri wa ku Germany, Carl Karsten, anaona kuti zinki akathiridwa mu mtobvu wosungunuka amalanda siliva wace. Iye anaona, nalemba, koma sanafike poisandutsa nchito ya tsiku ndi tsiku. Amene anatenga cilolezo ca boma pa njirayi mu 1850 anali Alexander Parkes wa ku Birmingham, mwana wa munthu wopanga maloko a brasi, wobadwa mu 1813. Parkes anaphunzira zitsulo ndi manja ace pa nchito, poyamba kwa oumba brasi, pambuyo pace kwa a Elkington amene anali kukutira ziwiya ndi siliva pogwiritsa nchito magetsi. Anali munthu wosakhazikika maganizo pa cinthu cimodzi. Zilolezo za zinthu zimene anatulukira zinaposa 60, ndipo ambiri amamkumbukira cifukwa ca Parkesine, kholo la mapulasitiki, imene anaonetsa ku London mu 1862.

Njira ya Parkes iri motere. Mtobvu umasungunulidwa mu mphika waukulu wa citsulo, ndipo amathiramo zinki, gawo limodzi kapena awiri pa 100, natakasa kwambiri. Siliva akonda zinki kuposa mtobvu nthawi mazana-mazana, cotero amasamuka. Golide akakhalamo nayenso amasamuka. Kenaka moto amaucepetsa. Zinki wosenza siliva ndi wopepuka kuposa mtobvu, ndiponso amauma msanga mtobvu ukali madzi, motero pamwamba pa mphika pamabwera cikhungwa colimba. Kodi si mafuta athu aja a pa msuzi? Anchito amayengula cikhungwaco, nacifinya kuti mtobvu womatirira ukhe, nacitsekera mu mtsuko wa moto waukulu. Zinki amawira pa madigiri 907, natuluka ngati nthunzi, namgwiranso kuti akagwire nchito kaciwiri. Kotsalako ndi mtobvu pang'ono wodzala ndi siliva, umene tsopano kuuocha pa mbale ya phulusa sikudya malasha ambiri.

Mungafunse kuti, nanga kutakasako nkwa ciani, popeza zitsulozo zidzapatukanabe? Yankho lace ndi malire aja. Siliva sangalumphe kucokera pansi pa mphika kufika pamwamba. Ayenera kuolokera pomwe mtobvu ukhudzana ndi zinki. Zinki akangokhala phee pamwamba, malire ndi ocepa, ndipo siliva wa pansi adzadikira nthawi yaitali. Koma tengani mbulu umodzi wa zinki, muugawe m'timadontho tocepa ka 10 m'mimba mwace. Mudzapeza timadontho 1,000, ndipo khungu la tonse pamodzi lidzaposa la mbulu uja ka 10. Kutakasa ndiko kuculukitsa madooko oolokerapo siliva, ndi kuwafikitsa pafupi ndi iye. Luso la woyang'anira mphika ndilo kudziwa nthawi yotakasa ndi nthawi yoleka kuti timadontho tikwere.

Njirayi sinalandiridwe msanga. Mtobvu wotsala unali kusungabe zinki monga theka la gawo limodzi pa 100, amene anali kuuononga, ndipo pomcotsa anali kungomuocha ndi kumtaya, cikhalireco zinki anali wokwera mtengo. Panapita zaka kuti a ku Germany ndi a ku America akonze zobvutazo, koma zitakonzeka miphika ya Pattinson inazimiririka pang'ono-pang'ono. Kufikira lero oyenga mtobvu ambiri amacotsa siliva ndi zinki, ndipo njirayo imachedwabe ndi dzina la Parkes. Ine ndiyesa Karsten anamanidwa ulemu wina womuyenera, ngakhale kuti kuona cinthu m'kacipinda koyesera ndi kucigwiritsa nchito pa matani ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Tsono zinki mwini wace anali kumpeza bwanji? Iye ndiye citsulo cimene cinasautsa osula koposa. Kuti makala alande zinki ku mwala wace pafunika moto wa madigiri monga 1,000, koma tanena kale kuti zinki amawira pa 907. Ndiko kuti pomwe abadwa, abadwa ali nthunzi. M'ng'anjo wamba, pamene mkuwa kapena mtobvu zitsikira pansi, zinki amakwera ndi utsi, nakomana ndi mphepo, napsa, nasanduka fumbi loyera. Amwenye a ku Zawar, m'dziko la India, anadziwa kumgwira m'timitsuko tadothi zaka mazana ambiri Azungu asanadziwe. Ku England William Champion wa ku Bristol anatenga cilolezo ca njira yace mu 1738. Kucokera pamenepo zinki wambiri anali kupangidwa m'mitsuko yadothi yotsekeka, mazana-mazana m'ng'anjo imodzi, uli wonse wofuna kudzazidwa ndi kukokoledwa ndi manja pamaso pa moto. Kuyambira nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse kunabweranso njira ya asidi ndi magetsi.

Tibwere kwathu tsopano. Mu 1902 T. G. Davey anapeza mwala wa mtobvu ndi zinki pa timapiri tina ta pakati pa dziko lino, napacha dzina la Broken Hill potengera mgodi wochuka wa ku Australia. Njanji inafikapo mu 1906. Ndi pa mgodi womwewu pamene anchito anafukula cigaza ca munthu wamakedzana mu 1921, cimene cinatengedwa kunka ku London. Mwala wa pa Broken Hill unali wolemera ndithu, koma zitsulo ziwirizo zinali zolukana-lukana m'mwalamo mobvuta kuzilekanitsa. Ng'anjo zoyamba zinali kutenga mtobvu, zinki nkumapita ku zotaya. Damu la Mulungushi litatsegulidwa mu 1925 magetsi anapezeka, ndipo mu 1928 anayamba kupanga zinki ndi magetsiwo. Ngakhale zinatero, citsulo ciri conse cinali kufuna nyumba yace ndi njira yace, ndipo eni migodi pa dziko lonse anali kulakalaka ng'anjo imodzi yoti idye mwala wosanganizika ndi kutulutsa zonse ziwiri.

Ng'anjoyo inabadwira ku Avonmouth, pa dooko la Bristol, mzinda womwe uja wa Champion. Cobvuta cinali ici. M'ng'anjo yopemerera mphepo, nthunzi ya zinki imatuluka yosanganizika ndi mpweya umene makala amatulutsa akapsa, umene akatswiri amauchula carbon dioxide. Pamene zonse ziri pa madigiri 1,000 palibe cimene cicitika. Koma zikamazizira pang'ono-pang'ono, mpweya uja umabwezera zinki ku fumbi, ndipo nchito yonse yapita pacabe. Panafunika kuziziritsa nthunziyo mwa dzidzidzi ndi kumbisa zinki nthawi yomweyo. Mmodzi wa akatswiri a kampani ya Imperial Smelting, L. J. Derham, anaganiza kuti nthunziyo ipyole m'mvula ya mtobvu wosungunuka. Anayesa zaka zambiri kuyambira m'ma 1940, ndipo ng'anjo yoyamba ya msinkhu wathunthu inayaka ku Swansea mu 1960. Ya ku Cockle Creek, ku Australia, inatsatira mu 1961. Ya ku Broken Hill kuno inayamba mu 1962, imodzi mwa zoyambirira pa dziko lonse lapansi.

Ndifuna tiyende nayo pang'ono ng'anjo imeneyi, pakuti ena a inu muli ndi atate kapena agogo amene anagwirapo nchito. Poyamba mwala wopera anali kuuocha kuti sulufule acoke ndi kuti uumbike m'zibuma zolimba. Zibumazo anali kuzithira pamwamba pa ng'anjo pamodzi ndi koki wotentha, ndiwo malasha oocha kale, ndipo mphepo yotentha inali kulowa ca m'munsi. Mtobvu wa m'mwala unali kusungunuka nutsikira pansi utasenza siliva, silagi nayandama pamwamba pace, monga momwe inu a ku Copperbelt mumaonera silagi akuyandama m'ng'anjo za mkuwa. Zinki anali kukwera ali nthunzi. Pamwamba pa ng'anjo anali kulowetsa mphepo ina pang'ono kuti kutentha kusatsike pansi pa madigiri 1,000 nthunziyo isanafike pa khomo la cipinda cacitali ca njerwa.

M'cipindamo, pansi ponse panali thamanda la mtobvu wosungunuka, ndipo nkhafi za citsulo zozungulira mwa liwiro zinali kuuwaza m'mwamba, kotero kuti cipinda conse cinali mvula ya timadontho. Nthunzi ikalowa, m'kamphindi yazizira, ndipo zinki wamwedwa ndi timadonthoto mpweya uja usanamgwire. Ndi nzeru yomwe ija ya kutakasa: timadontho tambiri, malire ambiri. Mapampu anali kukoka mtobvuwo uli pa madigiri monga 550, naupititsa m'ngalande yaitali yoziziritsidwa ndi madzi kufikira utatsika pa madigiri monga 440. Pamenepo mtobvu sungathenso kusunga zinki yense amene unamwa. Umamlabvula, iye nayandama, nasefukira ku mbali yace, mtobvu nupita pansi pa cipupa kubwerera ku cipinda cija kukamwanso wina.

Pa ulendo uli wonse mtobvu unali kutula zinki wocepa zedi, monga kota ya gawo limodzi pa 100. Cifukwa cace, kuti papezeke tani imodzi ya zinki, matani monga 400 a mtobvu anayenera kuzungulira. Pampu ikaima, kapena ngalande ikazizira mopitirira zinki nkuumiramo, nchito yonse yaima. Zinki wotuluka m'njirayi amakhala ndi mtobvu woposa pang'ono gawo limodzi pa 100, ndipo wotere ndi woyenera kukutira malata. Ndingoonjeza apa kuti maluwa onyezimira aja mumaona pa malata akale ndi pa ndowa ndiwo maonekedwe a zinki pouma, ndipo kamtobvu ka m'kati mwace ndiko kamathandiza kuti akule cotero.

Pamene ng'anjo ya ku Kabwe inali kudya phindu la kupatukana, anthu ena anali kulimbana nako. Amakanika adziwa mabering'i, timbale tija timene kiranki ya injini imazunguliramo. Bering'i yabwino ifuna citsulo colimba cosenza katundu, cokhala ndi timadontho ta citsulo cofewa m'kati mwace monse, toti titereretse mafuta akacepa. Mkuwa wa magawo 70 ndi mtobvu wa magawo 30 unagwira nchitoyi zaka zambiri m'mainjini a ndege ndi a malole. Poupanga anali kuuziziritsa msanga ndi madzi mtobvu usanapeze nthawi yotsika, kapena kuocha ufa wa zitsulozo pa lamba wa citsulo. Koma pamene anafuna kucita cimodzi-modzi ndi aluminiyamu, amene ndi wopepuka ka 4 kuposa mtobvu, zinakanika. George Stokes wa ku Cambridge anali ataonetsa kale mu 1851 kuti dontho likakula kawiri m'mimba mwace, limamira msanga ka 4. Tsono madontho akakomana amaphatikana, akaphatikana amakula, akakula amathamanga, nakomana ndi ena.

Akatswiri anati cocititsa ndi mphamvu ya dziko yokokera zinthu pansi. Ticoke pa dziko, ndipo madontho adzakhala pomwe abadwira. M'zaka za m'ma 1970 anatumiza timiphika ta zitsulo zokanana mumlengalenga pa maroketi, m'mene zinthu zimakhala zopanda kulemera kwa mphindi zisanu kapena zisanu ndi imodzi. Pambuyo pace anazitumizanso m'cipinda coyesera ca Spacelab mu 1983 ndi mu 1985, ndipo pa ulendo wa 1983 zinki ndi mtobvu zinali m'gulu la zosungunulidwa. Zotsatira za maroketi zinawadabwitsa. Atadula zitsulo za aluminiyamu ndi citsulo cina cofewa cochedwa indium, anapeza zitapatukana ngati dzira lophika, cina pakati, cinzace citacizinga.

Yankho linali m'mabuku akale. James Thomson mu 1855, ndi Carlo Marangoni wa ku Pavia, ku Italy, mu 1865, anali atalongosola kuti pamwamba pa madzi, ndi pa malire a madzi awiri osasanganizika, pali ngati khungu lokokeka. Ndilo limene tizirombo tina timayendapo pa dziwe osamira. Khungulo likafooka mbali imodzi, mbali yolimba imalikoka. Mungayese nokha: wazani tsabola wopera pa madzi a m'mbale, mukhudze pakati ndi kasopo, ndipo tsabola adzathawira m'mphepete. Kutentha nako kumafooketsa khunguli. Cotero dontho la citsulo likakhala ndi mbali imodzi yotentha kuposa inzace, khungu lace limakokera madzi olizinga ku mbali yozizira, ndipo dontholo limasambira kunka kotentha. Mphika uzizira kuyambira kunja, pakati ndipo patsala potentha, ndipo madontho amathamangira pomwepo nakaphatikana. Kuonjeza apo, cimodzi mwa zitsulo ziwirizo cimakonda kumatirira ku cipupa ca mphika ndi kufalikira pamenepo. Pansi pano mphamvu zimenezi zinalipo masiku onse, koma kumira kwa madontho kunali kuzibisa. M'zaka za m'ma 1990 akatswiri a ku Germany anayesa kuzikomanitsa ziwirizi, kuumba citsulo coimirira motero kuti kutentha kukokere madontho m'mwamba pamene kulemera kuli kuwakokera pansi.

Koma pofika nthawi imeneyo dziko linali litayamba kuopa mtobvu. Mu 2000 maiko a European Union anaika lamulo locotsa mtobvu m'zigawo zambiri za magalimoto atsopano, ndipo opanga mabering'i anatembenukira ku zitsulo zina. Ku Kabwe mgodi unali utatsekedwa kale mu 1994, mwala wabwino utacepa. Kuyambira 1906 kufikira cakaco unatulutsa zinki wokwana matani monga 1,800,000, mtobvu matani monga 800,000, ndi siliva matani 79. Ng'anjo yaikulu ya ku Avonmouth inazima mu 2003. Zina za mtundu womwewo zikali kuyaka ku China, ku Japan ndi ku Poland.

Mtobvu suola ndipo supsa nkutha. Umene unatuluka ndi utsi pa zaka zonse zija, kuyambira pa ng'anjo zoyamba kufikira yotsiriza, ndi umene unauluka ndi fumbi la pa miulu ya zotaya, unagwera pa nthaka ya midzi yozungulira, makamaka Kasanda ndi Makululu kumene mphepo imaombera. Mwana wosewera pa dothi amaudya ndi zala zace, ndipo m'thupi la mwana mtobvu umaononga ubongo ndi magazi mwakacetecete. Madokotala anayamba kuyesa magazi a ana a kumeneko ca m'ma 1970 napeza mtobvu woculuka. Mu 2015 akatswiri a pa University of Zambia pamodzi ndi anzao a ku Japan anafalitsa zimene anapeza mwa ana a ku Kasanda, Makululu ndi Chowa: mwana ali yense amene anamuyesa anali ndi mtobvu wopitirira muyeso umene madokotala amayambira kuda nkhawa, ndipo ambiri anali ofunika mankhwala. Mu 2016 World Bank inabvomereza ndalama zothandizira kuyesa ana, kuwapatsa mankhwala ndi kukwirira dothi loipa pa makomo ena. Miulu ya zotaya, ya matani mamiliyoni angapo, inasiyidwa pambali pa tauni yosakwiriridwa, ndipo popeza ikali ndi zinki ndi mtobvu m'kati mwace, anthu osowa nchito akhala ali kukumbamo ndi mapiki ndi mafosholo kuti akagulitse.